Kodi ana athu angatengedwe kunkhondo mokakamiza? Mafunso ndi mayankho kwa anthu a ku Ntcheu ndi Dedza

Chiyambire nkhondo ya Russia ndi Ukraine mu 2022, nkhani ya usilikali wokakamiza ili pakamwa pa anthu m'maiko ambiri. Kwathu kuno nayonso inafika, koma inafika yosokonekera: ina yochokera pa wailesi, ina yochokera m'mauthenga a pa WhatsApp amene mwini wake sadziwika. Makolo amafunsana pamaliro, anyamata a kabaza amatsutsana pa siteji mpaka kuiwala makasitomala. Ndasonkhanitsa mafunso amene amabwerabwera. Pamene ndikunena maganizo anga, ndanena poyera kuti ndi anga.

Kodi ku Malawi kuno kuli dongosolo lakuti mnyamata akakwana zaka 18 azilowa usilikali?

Ayi, kulibe. Chilandirire ufulu mu 1964, dziko lino silinakakamizepo anthu kulowa usilikali. Gulu lathu la nkhondo, Malawi Defence Force, limalemba okhawo amene afunsira okha. Akafuna anthu amalengeza poyera, wofuna amalemba kalata, amapimidwa m'thupi, ndipo wochita mwayi amapita kukaphunzira, ambiri ku MAFCO ku Salima. Msilikali amene mumamuona ku Kamuzu Barracks ku Lilongwe, ku Cobbe ku Zomba kapena ku Moyale ku Mzuzu analowa ndi miyendo yake. Amafunanso satifiketi ya MSCE, kotero amene analekeza sukulu panjira, ngakhale atafunitsitsa chotani, khomo silimutsegukira.

Nanga zoti chitupa cha unzika ndi njira yolembera maina a anyamata oti adzapite kunkhondo?

Limeneli ndi bodza, ndipo ndi bodza lopweteka mwini wake wolikhulupirira. Kalembera wamkulu wa zitupa anachitika mu 2017 kudzera ku National Registration Bureau, ndipo analemba aliyense wa zaka 16 kupita m'mwamba: agogo, amayi oyembekezera, olumala, onse. Chitupacho ndi chimene mumaonetsa kubanki, polembetsa nambala ya foni, pogula feteleza wotsika mtengo ndi polembetsa mavoti. Mwana wanu mukamukaniza chitupa poopa nkhondo imene kulibe, mwamutsekera zonsezi.

Tsono n'chifukwa chiyani nkhaniyi ikumveka kwambiri masiku ano?

Chifukwa kumaiko a ku Ulaya ikuchitikadi. Nkhondo ya mawu pakati pa America ndi Soviet Union itatha, maiko ambiri anaona ngati nkhondo zikuluzikulu zatha, ndipo anachepetsa asilikali. Germany inaimitsa usilikali wokakamiza mu 2011. Koma Russia italanda Crimea mu 2014, maiko oyandikana nayo anadzidzimuka. Lithuania inabwezeretsa mu 2015, Sweden mu 2017, Latvia mu 2023. Ku Germany, kuyambira mu 2026, mnyamata wokwana zaka 18 akuyenera kuyankha fomu yofunsa za thanzi lake ndi ngati angafune kutumikira, ngakhale kulowa kwenikweniko kukadali kwa ofuna.

Kumene nkhondo ili mkati zinthu n'zowawa kuposa apa. Nkhondo itangoyamba mu February 2022, Ukraine inaletsa amuna a zaka 18 mpaka 60 kutuluka m'dziko, ndipo mu April 2024 inatsitsa zaka zoyambira kuitanidwa kunkhondo kuchoka pa 27 kufika pa 25. Ku Russia, mu September 2022, Vladimir Putin analamula kuti aitanidwe amuna 300,000 amene anaphunzirapo za usilikali, ndipo m'masabata ochepa amuna ankhaninkhani anathawira ku Georgia, Kazakhstan ndi kwina.

Ku America kukakamiza kunatha mu 1973, nkhondo ya ku Vietnam ili kumapeto, koma nkhondo ikangonunkha anthu amayambanso kufunsana ngati kubwerere. Ku Britain okakamizidwa omaliza anatuluka mu 1963. Rishi Sunak analonjeza pa kampeni ya 2024 kuti achinyamata azidzatumikira dziko, koma chisankho anagonja. Nkhani zonsezi zikadutsa m'mafoni khumi, zimafika pa Kampepuza zitasanduka zakuti "boma layamba kugwira anyamata", osanenanso kuti boma lake ndi la dziko liti.

Chabwino, lero kulibe. Nanga nkhondo itabuka mawa, boma lingatikakamize?

Funso limeneli ndi lolemera, ndipo sindikufuna kukunamizani kuti sizingatheke mpang'ono pomwe. Atsamunda anatisiyira lamulo lotchedwa National Service Act, limene linalembedwa kuti pa nthawi ya zoopsa boma lithe kuitana anthu kukatumikira dziko. Maboma onse amene takhala nawo chilandirire ufulu sanaligwiritsepo ntchito kutengera anthu kunkhondo. Ndiponso kuyambira mu 1994 tili ndi malamulo aakulu oyendetsera dziko, amene lamulo lina lililonse liyenera kuwagonjera.

Gawo 27 la malamulo amenewa limaletsa ukapolo ndi ntchito yokakamiza. Gawo 45 limanena za nthawi ya zoopsa, pamene boma lingachepetse maufulu ena. Pamenepo pali zingwe zingapo zomangira boma manja. Pulezidenti sangangodzuka n'kulengeza yekha: ayenera kuvomerezedwa ndi komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za chitetezo. Chifukwa chake chiyenera kukhala nkhondo, chiopsezo cha nkhondo, nkhondo yapachiweniweni kapena ngozi yaikulu yachilengedwe. Chilengezocho chimatha pa masiku 21, pokhapokha aphungu awiri mwa atatu alionse atavomereza kuonjezera, ndipo akaonjezera sapitirira miyezi itatu nthawi imodzi. Munthu ali ndi ufulu wokatsutsa chilengezocho ku khoti lalikulu.

Choncho kukakamiza usilikali sikungabwere usiku ngati mbava. Kungadutse ku Nyumba ya Malamulo, phungu wanu ali pomwepo, mawailesi akuulutsa.

Musasokonezenso ndi chilengezo chakuti dziko lili pa ngozi zogwa mwadzidzidzi, monga chija cha namondwe wa Freddy mu March 2023 kapena cha chilala mu March 2024. Chimenecho ndi chopempha ndi kuyendetsa thandizo. Asilikali amene munawaona akufukula anthu m'matope ku Blantyre ndi ku Mulanje anali pa ntchito yawo, ndipo palibe anagwidwa kuti akhale msilikali chifukwa cha namondwe.

Agogo ankasimba kuti amuna ankagwidwa kupita kunkhondo. Kodi zinali nthano chabe?

Sizinali nthano. Agogo ankanena zoona, ndipo mantha amene tili nawo lero mizu yake ili pamenepo.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, imene makolo athu ankaitcha ya Chiwaya, inafika m'dziko lino msanga. Mu September 1914 Angerezi ndi Ajeremani anamenyana ku Karonga, ndipo kenaka nkhondo inalowa m'dziko la Tanganyika mpaka ku Mozambique, kuthamangitsana ndi mkulu wa asilikali a Germany, Paul von Lettow-Vorbeck. Ochita kafukufuku wa mbiri amati amuna a ku Nyasaland pafupifupi 19,000 anali asilikali, ambiri m'gulu la King's African Rifles, a Keyala aja. Koma pafupifupi 200,000 anali amtengatenga. Taganizani chiwerengero chimenecho m'dziko limene nthawi imeneyo linali ndi anthu ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi.

Misewu yoti galimoto n'kudutsa inali yochepa kwambiri, ndipo ng'ombe ndi abulu zinkafa ndi kashembe. Ndiye chakudya cha asilikali, zipolopolo, matenti ndi mankhwala zinkayenda pamutu pa munthu. Mtolo umodzi unkaposa makilogalamu 20, ulendo wake wa masabata, mvula ikugwa, wopanda nsapato, phoso losakwana. Ambiri sanafe ndi mfuti ayi, anafa ndi kamwazi, chibayo, malungo ndi njala, ndipo manda awo sadziwika.

Poyamba ena ankapita okha pofuna ndalama ya msonkho. Mbiri ya mavuto itamveka m'midzi, ofuna anatha, ndipo boma la atsamunda linayamba kulamula mafumu kuti mudzi uliwonse upereke amuna angapo. Mfumu yolephera inkalangidwa. Apolisi ankazinga mudzi usiku, ndipo mwamuna akathawira kuphiri, ankagwira mkazi wake mpaka iye atadzipereka. Kuno kumalire ena ankaolokera ku dziko la Apwitikizi. Minda inagonera chifukwa olima kunalibe, njala inalowa, ndipo pamwamba pake mu 1918 panabwera chimfine choopsa chija chimene chinapululanso anthu.

John Chilembwe, amene nkhope yake timayenda nayo m'thumba pa ndalama, anaziona izi zisanafike poipa. Mu November 1914 analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda osauka, opanda kanthu m'dziko lawo lomwe, akuitanidwa kukafera nkhondo imene si yawo, n'kusiya akazi amasiye ndi ana amasiye, pamene olemera ndi eni minda ndiwo anayenera kupita. Boma linaletsa kalatayo kufalitsidwa. Pa 23 January 1915 anaukira. Ambiri timaganiza kuti kuukirako kunali kwa ku Chiradzulu kokha, koma kuno ku Ntcheu kunali mnzake, Filipo Chinyama, amene anasonkhanitsa anthu ndi cholinga chokathira nkhondo pa boma la Ntcheu. Sizinatheke, ndipo iye anaphedwa. Ana athu a sukulu ayenera kulidziwa dzina limeneli.

Pa nkhondo yachiwiri, ya 1939 mpaka 1945, amuna athu anafika ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma. Amene mudzapite ku Zomba mukaone chipilala cha a Keyala pafupi ndi Cobbe Barracks, mukawerenge maina olembedwa pamenepo.

Bwanji ife a m'malire timaoneka kuti tili ndi mantha kuposa anzathu a kwina?

Chifukwa ife nkhondo tinaionera pafupi. Pa Lizulu msewu wa M1 ndiwo malire: ukangodumpha tala wafika ku Mozambique, m'boma la Angonia, kwa abale athu olankhula chilankhulo chathu chomwechi. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inayamba mu 1977 n'kutha ndi pangano la ku Rome pa 4 October 1992, ndipo pofika kumapeto kwake Malawi inkasunga othawa nkhondo oposa miliyoni imodzi. Dedza ndi Ntcheu anali ena mwa maboma amene analandira ochuluka.

Amene tinalipo m'zaka za m'ma 1980 sitingaiwale. Usiku mfuti zinkamveka tsidya linalo, m'mawa utsi uli tolotolo pamene dzulo panali mudzi. Kukacha anthu ankadumpha msewu ali ndawala, mayi mwana kumbuyo, mphika ndi mphasa pamutu, mbuzi ikukokedwa pa chingwe. Chimene ndinkachiona ndine mwana koma n'kuchimvetsa nditakula n'chakuti m'magulu amenewo munkachuluka amayi, ana ang'onoang'ono ndi nkhalamba. Anyamata a msinkhu wa sitandade 8 ankasowa. Ukafunsa kuti achimwene ake a uyu ali kuti, mayi ankangoyang'ana kumbali. Masitolo a tsidya lija anakhala zaka ali mabwinja, zipupa zili mabowomabowo.

Zigawenga zinkagwira ana kuti azisenza katundu ndipo ena zinkawapatsa mfuti. Boma la Mozambique nalo linali ndi lamulo la usilikali wokakamiza kuyambira mu 1978, ndipo anyamata ankagwidwa m'misewu. Asilikali athu nawonso analowa m'dzikomo kuyambira mu 1987 kukalondera njanji ya ku Nacala. Ndiye mayi wa kwa Njolomole kapena kwa Kachere akamva mawu oti "kugwira anyamata", sakuganiza za Ukraine ayi, akukumbukira zimene anaona ndi maso ake. Munthu wotero sitimuseka. Timamufotokozera modekha kusiyana kwa zimene zinachitika kutsidya ndi mmene zinthu zilili kuno lero.

Mwana wanga anabadwira ku Angonia ndipo ali ndi mapepala a ku Mozambique. Iyeyo zimukhudza?

Inde, ameneyu zingamukhudze, ndipo mabanja a mbali ziwiri alipo ambiri kuyambira ku Dedza boma mpaka ku Tsangano. Ku Mozambique usilikali wokakamiza ulipo mpaka lero. Nzika iliyonse yokwana zaka 18, mnyamata ndi mtsikana yemwe, imayenera kulembetsa pa kalembera wa usilikali amene amachitika kumayambiriro kwa chaka. Si onse olembetsa amene amaitanidwa, chifukwa malo ndi ochepa poyerekeza ndi olembetsawo. Koma woitanidwa ayenera kupita, ndipo kumapeto kwa 2023 aphungu a dzikolo anakweza zaka zotumikira kuchoka pa ziwiri kufika pa zisanu. Kumbukiraninso kuti kuyambira mu October 2017 ku Cabo Delgado, kumpoto kwa dzikolo, kuli nkhondo yolimbana ndi zigawenga.

Lamulo limeneli ndi la nzika za Mozambique. Mmalawi wopita ku Ulongwe kukagula chimanga kapena kukagwira ganyu m'minda ya mbatata silimukhudza. Koma amene anatenga mapepala a kutsidya pongofuna kuti azidutsa mosavuta, adziwe kuti pepala la unzika limabwera ndi udindo wake.

Kodi dziko la Malawi likusowa asilikali moti mpaka lingafunike kukakamiza?

Apa ndi pamene nkhani ya ku Ulaya imasiyanirana ndi yathu. Maiko ngati Germany ndi Latvia ana akubadwa ochepa, ntchito zilipo, ndipo achinyamata safuna usilikali. Kwathu kuno kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni, theka lawo osakwana zaka 18. Dedza yokha inali ndi anthu oposa 830,000, Ntcheu pafupifupi 660,000. Ntchito zolembedwa ndi zochepa kwambiri.

Amene munaonapo tsiku loyesa ofuna usilikali mukudziwa. Anyamata amafika kusanache, ena atagona pakhonde la sitolo, envulopu ya khaki ya masatifiketi ataikulunga m'jumbo kuopa mame. Amathamanga mpaka ena kukomoka, ena opanda nsapato, ndipo wobwezedwa chifukwa cha msinkhu kapena chilema chaching'ono amabwerera akugwetsa misozi ngati waferedwa. Otengedwa ndi owerengeka, otsala ndi khamu. Boma limene likubweza anthu ofuna okha lingavutikirenji kusaka osafuna? Kuli ngati kukumba chitsime mtsinje ukusefukira pakhomo.

Vuto la gulu la nkhondo m'dziko losauka si anthu, ndi ndalama. Msilikali mmodzi amafuna yunifolomu, nsapato, chakudya katatu pa tsiku, pogona, chipatala, mfuti, aphunzitsi ndi malipiro. Chaka chilichonse achinyamata zikwi mazanamazana amakwana zaka 18. Kuwatenga onse, ngakhale theka lokha, ndalama zake zingachoke ku mankhwala ndi ku sukulu.

Koma achinyamata alowerera, kachasu ndi chamba basi. Kodi kuwatengera ku usilikali sikungawaongole, monga ankachitira Apayoniya?

Maganizo amenewa ndimawamva kawirikawiri kwa akuluakulu, ndipo sindiwapeputsa. Kholo limene mwana wake amadzukira pa shabini likulankhula ndi mtima wosweka. Ndipo n'zoona kuti gulu la Malawi Young Pioneers, limene linayamba mu 1963, linaphunzitsa achinyamata ambiri ulimi wamakono, ukalipentala, zomangamanga ndi kusunga nthawi. Alipo madala m'midzi mwathu amene mpaka lero mizere ya m'munda mwawo imaoneka kuti anadutsa ku kampu.

Koma tinene zonse. Gulu lomwelo linasanduka chikwapu cha chipani. Linkatsekereza anthu pa msika ndi pokwera basi kufuna khadi, linapatsidwa mfuti, ndipo linkaopedwa kuposa apolisi. Mapeto ake anali a magazi: mu December 1993, Apayoniya atawombera asilikali ku Mzuzu, asilikali anawalanda zida pa Operation Bwezani, ndipo ambiri anathawira ku Mozambique. Achinyamata ukawasonkhanitsa, kuwaveka yunifolomu ndi kuwaphunzitsa kumvera osafunsa, funso lalikulu limakhala lakuti adzamvera ndani.

Anzathu a ku Tanzania ali ndi JKT, gulu la achinyamata otumikira dziko, kuyambira mu 1963. Anaimitsa kukakamiza mu 1994 chifukwa cha kusowa kwa ndalama, n'kudzayambiranso mu 2013 kwa omaliza Fomu 6. Ku Eritrea lamulo la 1995 limati miyezi 18, koma anthu amakhalamo zaka zosawerengeka, ndipo achinyamata a dzikolo amathawa mpaka kumira m'nyanja ya Mediterranean.

Maganizo anga ndi awa: malo ophunzitsa achinyamata luso, ulimi wamthirira ndi mwambo achuluke, ngakhale aziyendetsedwa ndi asilikali, koma wolowa azilowa mofuna yekha, ndipo chipani chilichonse chitalikire. Malo oterowo atatsegulidwa pa Bembeke kapena pa Nsipe lero, sipangafunike wapolisi wogwira anthu. Mzere ungafike kumsewu.

Ena amati ife Angoni nkhondo ili m'magazi. Ngoma ya pa Umhlangano kwa Inkosi ya Makhosi Gomani ndimaikonda ndi mtima wonse, ndipo chishango ndi nthungo ndi ulemu wa makolo athu. Koma ku Ukraine anyamata ambiri akufa ndi mizinga ndi tindege topanda munthu, mdani osamuona n'komwe. Kulimba mtima sikutchinga zimenezo.

Zitati zachitikadi, angapite ndani?

Kwa ine funso lalikulu pa nkhani yonseyi ndi limeneli, ndipo ndi limene olimbikitsa kukakamiza sakonda kuliyankha. Pa pepala amati aliyense adzapita, mwana wa nduna ndi mwana wa mlimi chimodzimodzi. Mbiri ikunena zina.

Ku America, pa nkhondo yapachiweniweni, lamulo la 1863 linkalola munthu kulipira madola 300 kapena kupeza wina womupitira. Pa nkhondo ya ku Vietnam, amene anali ku yunivesite ankaloledwa kudikira, ndipo ambiri a iwo sanapite konse. Madandaulo atachuluka, mu December 1969 boma linayamba kuchita maere potsata tsiku lobadwa. Ku Ukraine, mu August 2023, Volodymyr Zelensky anachotsa ntchito akuluakulu onse olemba asilikali m'zigawo chifukwa cha ziphuphu, pakuti olemera ankagula makalata abodza a kuchipatala. Ku Russia oitanidwa ambiri anachokera m'madera osauka a kutali ndi Moscow.

Tsono bweretsani zimenezi kwathu kuno, kumene timadziwa tonse mmene mayina amalowera ndi kutuluka pa mndandanda wa makuponi. Mwana wa bwana adzapezeka ali kusukulu kunja, kapena ali ndi kalata ya dokotala. Wotsala ndi uja wogulitsa kachewere ndi kabichi m'mbali mwa msewu pa Lizulu, uja wopalasa kabaza, uja amene amayi ake amasiye amadalira khasu lake. Ndi zomwe zija analemba Chilembwe mu 1914. Ndiye tsiku lina phungu kapena wandale akadzabwera ndi nkhani imeneyi pa msonkhano, mudzamufunse mafunso atatu pamaso pa anthu: ana anu adzapita nawo? Osankha adzakhala ndani, ndipo adzasankha bwanji? Wovulala ndi wamasiye adzasamalidwa ndi ndalama ziti? Mudzaumirire mpaka ayankhe.

Nanga atsikana ndi ana a sukulu?

M'gulu lathu la nkhondo akazi alimo, olowa mofuna okha. Maiko amene amakakamiza akazi ndi ochepa, monga Mozambique, Israel, Eritrea, Norway kuyambira mu 2015, Sweden, ndipo Denmark inayamba mu 2025. Za ana, malamulo a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo mapangano a maiko onse amene Malawi inasayina amaletsa kukakamiza mwana usilikali. Kugwiritsa ntchito mwana wosakwana zaka 15 pa nkhondo ndi mlandu umene umazengedwa ku khoti la ku The Hague.

Chipembedzo changa sichilola kugwira mfuti. Ndingakane?

Gawo 33 la malamulo aakulu limateteza ufulu wa chikumbumtima ndi chipembedzo, ndipo ufulu umenewu uli m'gulu la maufulu amene boma silingawachotse ngakhale pa nthawi ya zoopsa. Tili ndi chifukwa chokwanira chougwiritsitsa. A Mboni za Yehova analetsedwa m'dziko lino mu 1967, ndipo mu 1972 anamenyedwa, kuotcheredwa nyumba ndi kuthamangitsidwa chifukwa chokana kugula khadi la chipani. Ambiri anakakhala ku kampu ya Mlangeni, kungodumpha malire a Ntcheu. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Simuyenera kukhala wa mpingo wawo kuti muone kuti zimene zija zinali zolakwika.

Kunja nkhondo ya okana usilikali yakhala yaitali. Katswiri wa nkhonya Muhammad Ali anakana kupita ku Vietnam mu 1967, analandidwa lamba wake, ndipo khoti lalikulu la America linadzamuyeretsa mu 1971. South Korea inamanga anyamata zikwizikwi kwa zaka zambiri, mpaka mu 2020 pamene inayamba kuwalola kugwira ntchito ina m'ndende kwa miyezi 36 m'malo mwa usilikali.

Asilikali athu amene anafera ku DRC, kodi anachita kukakamizidwa?

Kulowa usilikali analowa okha. Koma munthu ukalumbira, kumene watumidwa umapita, ndipo kuthawa ndi mlandu. Asilikali a Malawi akhala akutumikira kum'mawa kwa DRC kuyambira mu 2013. Mu November 2018 asanu ndi mmodzi anaphedwa kufupi ndi Beni, ndipo mu January 2025 atatu anaphedwa pa nkhondo yolimbana ndi zigawenga za M23 m'dera la Goma. Mwezi wotsatira Lazarus Chakwera, ali pulezidenti, analamula kuti asilikali amene anapita pansi pa SADC akonzekere kubwerera. Mnyamata amene akufuna usilikali chifukwa cha malipiro okha, makolo mukhale naye pansi, mumuuze kuti ntchito imeneyi ndi yolemekezeka koma ena amabwerera m'bokosi lokutidwa ndi mbendera.

Mwana wanga ali kunja. Angamugwire kumeneko?

Ku Joni ayi. South Africa inkakakamiza azungu okha pa nthawi ya tsankho, ndipo zinatha tsankho likutha. Amene anapita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel kuyambira mu November 2023 si nzika za kumeneko, choncho lamulo la usilikali siliwakhudza, ngakhale kuti kukhala m'dziko la nkhondo kuli ndi zoopsa zake. Ku America mwamuna wa zaka 18 mpaka 25 amene akukhazikika m'dzikomo, ngakhale asali nzika, dzina lake limayenera kukhala m'kaundula wa Selective Service. Kukhala m'kaundula si kulowa usilikali, ndipo chiyambire 1973 palibe amene waitanidwa. Wophunzira amene ali pa viza ya sukulu sizimukhudza.

Ndiye choopsa chenicheni kwa mnyamata wa kuno n'chiyani?

Si kalata ya boma. Ndi munthu wovala bwino wolonjeza ntchito.

Alipo a mtundu woyamba, amene amaimba foni nthawi yolemba asilikali n'kunena kuti ndi akuluakulu a ku likulu, dzina la mwana wanu alilowetsa mukatumiza ndalama pa foni. Mabanja agulitsapo mbuzi ndi matumba a chimanga chifukwa cha anthu amenewa. Kulowa usilikali sikugulidwa, ndipo wopereka chiphuphu nayenso wapalamula.

A mtundu wachiwiri ndi oopsa kwambiri. Achinyamata a m'maiko a mu Africa akhala akukopedwa ndi malonjezo a ntchito ya ulonda, ya udalaivala kapena ya sukulu ku Russia. Akafika amapatsidwa pepala la m'chilankhulo chimene sadziwa, amasayina, ndipo pakatha masabata ochepa amapezeka ali kutsogolo kwa nkhondo. Maboma a Kenya ndi South Africa anavomereza poyera mu 2025 kuti nzika zawo zinakodwa mu msampha umenewu. Wophunzira wina wa ku Zambia, amene anatengedwa m'ndende ya ku Russia, anafera ku Ukraine mu 2022. Atsikananso akopedwa ndi malonjezo a maphunziro n'kukapezeka akupanga tindege ta nkhondo ku fakitale ya ku Alabuga, ku Russia komweko. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo achinyamata athu ulova wawafinya mofanana ndi a kumaiko amenewo.

Mwana wanu akakuuzani kuti wapeza ntchito kunja kudzera pa Facebook kapena WhatsApp, mufunseni dzina la kampani, dziko ndi tawuni kumene akupita, ndi ntchito yeniyeni imene akagwire. Pangano la ntchito alione asananyamuke, likhale m'chilankhulo chimene amamva, ndipo kope lake litsale kunyumba. Pitani nalo ku ofesi ya zantchito pa boma la Dedza kapena la Ntcheu mukafunse ngati wolemba anthuyo ndi wovomerezeka. Pasipoti asapereke kwa munthu wina kuti amusungire. Wolemba ntchito akamakufulumizitsani, akamakana kukumana nanu pa ofesi, kapena akamati musauze aliyense, kaneneni kupolisi.